Khoma la Pakhonde Lodyera

Lolemba

Mwayi wafika! Amanijala akuti khoma la pakhonde lodyera pano pa loji lijambulidwe chithunzi lisanafike phwando la ukwati la Lamlungu. Pakasowa munthu, aitana wolemba zikwangwani wa ku Kande. Ndakweza dzanja. Onse akundiyang'ana. Amandidziwa ngati wopereka makiyi kwa alendo basi. Sadziwa kuti kusekondale ndinkajambula mpaka aphunzitsi kundilanda makope. Zaka khumi ndi ziwiri osagwira bulashi. Zala zikunyerenyetsa.

Masana dzanja lachita zake osandifunsa. Lajambula kuseri kwa pepala la menyu: Ama Nyamanda, otichapira zovala, akuyanika nsalu za pabedi, mapegi pakamwa, mphepo ikuwakulunga nazo. Mphindi zisanu zokha. Mtima ukuti, ndi chimenechi! Koma mtima sunawerengepo buku. Pepalalo ndalisiya kukhitchini.

Lachiwiri

Kafukufuku kaye. Ndikufunsa alendo chimene akufuna kuona pakhoma.
- Ambiri: nkhwazi.
- Ena: bwato.
- Mayi wina: chilichonse, bola chisakhale njoka.
- Bambo wa m'chipinda chomaliza: akufuna madzi otentha kubafa.

Nkhwazi yapambana. Ndapeza chithunzi chake m'buku la mbalame, chili ndi miyeso ya mapiko yomwe. Palibe angatsutse.

Ama Nyamanda adutsa ndi beseni pamutu. Ndayang'ana kumbali.

Lachitatu

Njira ya akatswiri: kugawa chithunzi m'timabokosi, kugawa khoma m'timabokosi, n'kumakopera kabokosi kamodzikamodzi. Tepi, choko, chingwe, makwerero. Tsiku lonse. Mizere yawongoka bwino kwambiri!

Ada Mhone, mkulu wa kukhitchini, aima kumbuyo kwanga akupukuta manja. "Ada, mukumanga khola la nkhuku?"

Ndikupitiriza kulemba mizere. Pa kabokosi ka pakona dzanja likufuna kukhota, kuti lipange nsalu youluzika. Ndaligwira ndi linzake.

Lachinayi

Mutu ndi phiko limodzi zatha. Zolondola ndendende. Zikuoneka ngati mbalame imene yaitanidwa kupolisi.

Ada Mhone akuloza kunyanja, kutali, kumene kwaima zinthu zakuda ngati utsi. "Nkhungu iyo. Mawa musapake, ada, itera pano." Nkhungu ndi touluka tating'onoting'ono timene timatuluka m'madzi mwa chigulu. Ndawafunsa umboni. Akuti mphepo yatembenuka, akuimva m'khosi. M'khosi!

Foni ikuti mawa kuli dzuwa, mvula kulibe. Za touluka sikunenapo kanthu.

Lachisanu

Mmawa: ndapaka thambo lonse, penti wamafuta, wobiriwira ngati nyanja, wochedwa kuuma.

Isanakwane 11 koloko: kunja kwada.

Nkhungu yatera: ili m'maso, m'makutu, mu tiyi wa alendo. Bambo wa m'chipinda chomaliza akuthamanga atafunda thaulo. Amayi a m'mudzi atsikira kumchenga, akuzunguza madengu m'mwamba, akukolola ndiwo, akuseka. Ine ndikukupiza khoma ndi buku la mbalame.

Zotsatira:
- thambo: lamera ubweya
- nkhwazi: ili ndi ndevu
- timabokosi: sitikuoneka
- buku: lamatirira pa tsamba la akadzidzi

Ada Mhone sananene kuti ndinakuuzani. Angondibweretsera tiyi atavindikira ndi mbale. Bola akananena.

Loweruka

Kupala khoma ndi mpeni wa buledi kuyambira mbandakucha. Amanijala ayang'ana, apuma mozama, atulutsa foni. "Achimwene, mwayesetsa. Bwererani ku makiyi."

Wa ku Kande wafika pa njinga, zitini zitatu pa kaliyala, penti wamadzi. Tepi alibe. Choko alibe. Waima, watsinzina diso limodzi, wayamba. Ndamufunsa kuti akutsata njira yanji. "Khoma limanena lokha, bwana." Khoma lomweli ndakhala nalo masiku asanu, kwa ine silinatsegule pakamwa.

Kapena linatsegula Lolemba lija, ine ndili kalikiliki kufuna tepi.

Maola atatu, watha. Pakhoma asodzi akukoka khoka la nsomba, mmodzi chipewa chikuuluka. Mwendo wa wachiwiri ndi wautali kuposa unzake, ndayeza. Koma munthu ukayang'ana umamva chingwe chikukudula m'manja.

Lamlungu

Ukwati wadzaza khonde. Aliyense akujambulitsa pa asodzi aja. Palibe wafunsa za mwendo.

Ndalowa kukhitchini kukatenga madzi. Pepala langa la menyu lili pa chitseko cha filiji, Ada Mhone analimata ndi selotepi Lolemba lomwelo. Lachita madontho a mafuta. Ama Nyamanda aima pamenepo, atavala za kutchalitchi, akudziyang'ana. "Ndine ine uyu? Mpaka mapegi! Yewo, ada." Akufuna akaonetse ana awo ku Limphasa.

Amanijala asuzumira pa phewa lawo. Ayang'ana nthawi yaitali. "Wajambula ndani?" Ada Mhone aloza ine ndi chipande. "Nanga achimwene, bwanji simunaike chimenechi pakhoma paja?"

Ndili ndi mayankho asanu, onse ochokera m'mabuku.

Pepalalo ndawapatsa Ama Nyamanda. Khoma lapita, ndipo penti wa ku Kande sasuluka msanga, ndafunsa.

Kuseri kochapira zovala kuli kakhoma kena, kopanda mwini, koyang'ana ku zingwe zoyanikira. Madzulo ano ndapitako ndi khala m'thumba, kuti dzanja lichite zimene likufuna. Ndaimapo mpaka belu la pa tebulo langa kulira, mlendo akufuna kiyi.

Kakhomako ndi mamita atatu m'litali, awiri m'lifupi. Ndinatenganso tepi.