Kupanda Mlima

Lolemba, 12 Okutobala

Andipatsa tchuthi, masabata awiri, kuyambira sabata yamawa. Ndikupita ku Nepal. Zaka zisanu ndi chimodzi mu Nairobi muno, ulendo wanga ndi umodzimodzi: kunyumba ku South C, ofesi, South C. Zakwana.

Zokaona, malinga ndi kabuku ka kampani ya maulendo:
- akachisi akalekale
- mapiri obaya mitambo
- chipembere, nyalugwe, ndi anyani okhala m'kachisi momwemo

Mayi akunyumba akuti, "Inu amene mumapumira pakati pokwera masitepe a ku ofesi?" Nsanje basi.

Lachiwiri, 13

Ndagula kumsika wa Gikomba: jombo, chingwe, ndodo yachitsulo kunsonga.

Madzulo ndikuimbira foni mtsikana wa kukampani ija m'Chiswahili changa chongophunzira kumene. Kwa anzathuwa kupanda ndi kukwera, mlima ndi phiri. Foni ikumveka patali, ndiye ndikukuwa: "Nataka kupanda mlima!" Kenako ndikuuza mayi kuti ndiyambira kukachisi.

Mayi Gondwe, wapampando wa amayi kumpingo wathu wa Amalawi, ali pasofa ndi tiyi. Akuyang'ana ndodo ija. Tiyi sanamalize.

Lachitatu, 14

Kuyeserera. Masitepe kasanu, kumsana chikwama chodzaza mabuku a nyimbo. Bondo lakumanzere likulira ngati chitseko chachimbudzi.

Ku ofesi mafoni atatu, onse a anthu a kumpingo. "Achimwene, mkwiyo ndi wa Satana." Sindikumvetsa, koma ndikuvomera ameni.

Lachinayi, 15

Zamveka. Akuti ndalengeza kuti ndikufuna kupanda mlimi, ndipo ndiyamba ndadzera kukachisi kukakhwima. Ndaseka mpaka misozi.

Ndikuimbira a Gondwe aamuna, mlembi wa mpingo, kuti nkhaniyi ithe. "Si choncho, akulu. Ine ndimanena phiri."

"Phiri?"

"Eya, phiri. Ndakhala ndikulakalaka zaka zonsezi, ndipo sindibwerera m'mbuyo."

Adula foni. Mtima wanga uli m'malo. Kulongosola bwino nkhani ndi mphatso.

Lachisanu, 16

Mmalawi wolima mu Nairobi yense alipo mmodzi: a Phiri, a kabichi ku Athi River. Munthu wofatsa, woimba besi m'kwaya. Ndinawaiwaliratu! Akuti athawira kwa mlamu wawo ku Ruaka, ndipo chitseko atchinga ndi firiji.

Pasipoti yanga sikuoneka. Mayi akuti asunga "mpaka mtima utsike". Ndawatsegulira kabuku kaja kuti adzionere okha. Chithunzi choyamba: anyani atakhala pakhomo la kachisi. Achiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye asing'anga ake ndi amenewa?"

Loweruka, 17

Akulu a mpingo anayi m'nyumba. Patebulo ndodo, chingwe, jombo, ngati kukhoti. Ndikufotokoza za Chiswahili, pang'onopang'ono. A Gondwe akupukusa mutu. "Chiswahili timachidziwa tonse, achimwene. Koma dzina munalitchula m'Chichewa."



Foni ikulira. Ndi mtsikana wa kukampani, akuti malo anga m'ndege asunga mpaka lero. Ayankha ndi Mayi Gondwe. "Sabwera. Walapa."

Ndakwiya zenizeni tsopano, koma ndikakwiya ndiye kuti anena zoona. Ndawathirira tiyi.

Lamlungu, 18

Kutsogolo kwa mpingo wonse. A Phiri akulira, andikumbatira. "Chimene ndinakulakwirani sindikuchidziwa, koma mundikhululukire." Ndawakhululukira. Nanga ndikanatani?

Chigamulo cha akulu: kuti chikondi chikule, tchuthi changa ndikathere kumunda kwa a Phiri.

Ndodo atenga a Gondwe. Pachingwe mayi ayanikapo kale zovala. Jombo andisiyira, akuti zikathandiza m'matope.

Potuluka ndawafunsa a Phiri, motsitsa mawu, ngati kumunda kwawoko kuli kaphiri ngakhale kamodzi. Akuti kuli chulu chimodzi chokha, koma ndisadandaule, tikachigumula limodzi mawa.