Tsiku Limene Tsinya Anaseka

Pulani yonse inaphikidwa Lachinayi masana kuseri kwa bala, pa tebulo logwedera, ndipo pofika botolo lachitatu Pulofesa anali atayamba kale kudziyamikira. Dzinali musalitenge ngati la kusukulu. Anam'patsa kundende chifukwa cha magalasi ake othyoka mwendo umodzi, omangidwa ndi waya.

"Tamverani, aise," anatero akugogoda tebulo. "Loweruka masana pa TV pali pulogalamu ya nthabwala, yosonkhetsa thandizo la chipatala cha ana. Mayi aja a sitolo ya zitsulo ndiwo mlendo wolemekezeka. Akakhala pa mpando wakutsogolo maola atatu, wantchito wawo apita naye kukanyamula chikwama, mlonda amabwera madzulo. Pabalaza pawo pali TV yaikulu ngati chitseko. Tilowa, timasula, tituluka. Dilu yoyera."

Omvera ake anali awiri. Netiweki, kamunthu koonda kamene foni siichoka m'manja ngakhale kakusamba, ndi Tsinya, chimunthu cha mapewa otambalala chimene palibe anachionapo chikuseka. Pa chithunzi cha ukwati wake mungaganize kuti akumuwerengera chigamulo.

"Koma madala," anatero Netiweki osadzutsa mutu, "mdala wogula uja masiku ano safuna zongomuuza. Akuti TV tiziijambula vidiyo ikugwira ntchito isanachoke pakhoma. Anthu anam'gulitsapo yakufa."

"Ndiye ujambula, vuto lili pati? Ntchito yako ndi imeneyo."

Chinthu chimodzi Pulofesa sananene pa tebulopo, ngakhale onse ankachidziwa. Mkazi wake anam'dikira kawiri ali kundende, akumutumizira sopo ndi kunamiza ana kuti atate awo ali ku ntchito yakutali. Atatuluka kachiwiri, mayiyo anamuuza akusita malaya, osakweza mawu, kuti kachitatu sadzadikira. Pulofesa ankamuopa mkaziyo, komanso ankamukonda zenizeni. Choncho Loweruka m'mawa anatsazika kuti akukathandiza alamu ake kusamutsa katundu.

Mpanda analumpha bwinobwino, kupatula Netiweki amene anasiya chidutswa cha buluku pa waya. Zenera la kukhitchini silinavute. Pasanathe mphindi zisanu anali pabalaza, pakati pa mipando yofewa, ndipo pakhoma panali chithunzi chachikulu cha mwini nyumba atavala chipewa cha nthenga.

Pulofesa anakoka mpando wodyera, n'kukwera ndi sikuludalaiva. "Yatsa, jambula, tizipita."

TV itayaka, panatulukira pulogalamu yomweyo. Holo yodzaza, mayi a zitsulo kutsogolo akudzikupiza ndi pepala, ndipo pa nsanja mnyamata wanthabwala akuyeseza bambo wamkulu amene wapita kukabayitsa jakisoni. Bamboyo ankakambirana ndi namwino ngati ali pamsika. Ankapempha kuti amubaye theka lero, theka mawa. Kenako anafunsa ngati angatumize mlamu wake kuti adzabayidwe m'malo mwake.

Tsinya anali atakhala pa sofa kudikira zonyamula. Pamenepo panamveka kaphokoso, ngati chigayo chimene chagona chaka chikuyesa kulira. Netiweki anatembenuka ndi foni yake yomwe. Anali Tsinya. Mapewa anayamba kugwedezeka, kenako mimba, kenako chimunthu chonse chinagwera chammbali, misozi ili chuchuchu, chikumenya sofa ndi chikhatho.

"Ndi ine ameneyo," ankatero movutikira. "Theka lero. Ndinanenapo ine zimenezo."

"Iwe, tseka pakamwa," anatero Pulofesa osacheuka. Zomangira zinali zinayi ndipo anali pa chachiwiri.

Apa m'pamene wotsogolera pulogalamu analengeza kuti oonera atumize mavidiyo awo akuseka, ndipo pa vidiyo iliyonse imene ionetsedwe, kampani ina ipereka bulangete kwa mwana wodwala. Nambala inali pansi pa sikirini. Netiweki anayang'ana nambalayo, anayang'ana Tsinya, mtima wake wachifundo n'kudzuka pa nthawi yolakwika. Zaka khumi akuyenda ndi munthuyu osamuona mano, ndiye chozizwitsa chotere chingothera kwa mdala wogula ma TV? Komanso bulangete la mwana.

"Ife ndi akuba koma si afiti," anadziuza chapansipansi, n'kutumiza.

Chomangira chachitatu chinatuluka. TV inapendekeka, Pulofesa n'kuikumbatira ndi manja awiri, mphuno itagunda sikirini. Ali chikumbatire choncho anaona, pafupi kwambiri ndi maso ake, msana wa munthu wovala malaya ngati ake, ataima pa mpando ndi sikuludalaiva. Kenako chithunzicho chinatembenuka n'kuonetsa Tsinya akugubuduka pa sofa.

M'holo muja anthu anafa nako kuseka. Kamera inapita kwa mlendo wolemekezeka, nayenso akupukuta misozi. "Sofa imeneyo ikufanana ndi yanga," anauza wotsogolera. A pa TV anaibwereza vidiyoyo, ndipo ulendo uno mayiwo anaona chipewa chawo cha nthenga pa chithunzi cha pakhoma. Anasiya kudzikupiza. Anatambasula dzanja kwa wantchito wake, wantchitoyo n'kumupatsa foni.

"Netiweki," anatero Pulofesa ndi mawu aang'ono, "wachita chiyani?"

"Ndi za ana, madala."

Wotsogolera ankaganiza kuti zonsezi ndi sewero limene mayiwo anakonza, ndipo anawaombera m'manja. Mauthenga a oonera anayamba kudutsa pansi pa sikirini ngati nyerere. Wina anati chimunthucho achipatse ntchito pa TV. Wina anati agogo ake odwala adzuka pabedi chifukwa cha kuseka kumeneko. Mayi wina anadandaula kuti mapulogalamu a masiku ano alibe ulemu, munthu wamkulu kuponda mpando wodyera ndi nsapato. Wina anangofunsa ngati chimunthucho chili pabanja.

"Tiyeni tizipita," anatero Pulofesa. "Nthawi yatha. Tsinya, bwera ugwire mbali iyi."

Tsinya sanasunthe. Wotsogolera anali atalengeza kuti oonera avotere vidiyo yopambana, ndipo inatsala ya Tsinya ndi ya wometa tsitsi wina amene anaseka mpaka kulakwitsa mutu wa kasitomala.

"Dikirani kaye, madala. Chibadwire palibe anandiuzapo kuti nkhope yanga yam'sangalatsa. Ndifuna ndione."

"Uona uli kundende."

"Kwangotsala pang'ono."

Munthu wanzeru akanaisiya TV ija igwe n'kuthawa. Koma Pulofesa ankaona kuti akaisiya im'phwanya mapazi, komanso TV yosweka mdala uja sagula. Anatukwana, anapempha, analonjeza Netiweki theka la gawo lake, koma Netiweki anali kalikiliki kuvotera Tsinya ndi kuuza abale ake onse kuti avote.

Apolisi awiri anawapeza choncho. Analowera pazenera lomwe lija la kukhitchini, popeza chitseko chinali chokiya. Wamkuluyo anayang'ana pa sofa, anayang'ana pa TV, n'kumwetulira.

"Ndi inu eti? Ife kuofesi takuvoterani." Anakhala pa mkono wa sofa unyolo uli pamwendo. "Bambo apampando, taiwongolaniko TV-yo pang'ono, sitikuona bwino."

Tsinya anapambana. Analira ngati mwana, wapolisi wamng'ono n'kumusisita pamsana. Kenako wotsogolera anati awerenge uthenga umodzi wotsiriza, wochokera kwa mayi wina amene sanalembe dzina.

"Akuti, 'Kwa bambo aima pa mpandowo. Malaya amenewo ndinasita ndine m'mawa uno. Alamu anu ali pano, tikuonera limodzi. Makiyi mukawapeza kwa aneba, ana ndatenga.'"

Holo yonse inaseka kuposa poyamba, wotsogolera mpaka anagwira m'mimba. Pabalaza paja wapolisi wamkulu anayamba kuseka nawo, koma ataona nkhope ya Pulofesa analeka. Pulofesa ankadziwa kuti mkazi wake sachita nthabwala, ndipo mtima unamuwawa kuposa manja.

"Bwana," anatero pomaliza, "tagwirani TV-yi, ndikupatseni manja."