Ndembo Akadali Chiimire pa Golo

Usiku wathawu a Jailosi Mkwaila, aja anapuma usilikali kalekale, analota maloto oti powafotokozera anzawo a pabawo ankaima pakati pa nkhani. Munthu wosapatsa mnzake mpata wolankhula, lero mawu ankamuthawa.

Akuti anangopezeka ali pabwalo la sukulu ya usilikali imene anaphunzirako ali mnyamata, masiku amene mpira unali chinthu chachilendo, amayi akumafunsana ngati m'kati mwake muli nthangala ngati dzungu. Kuphazi analibe nsapato monga kale, koma mawondo anali omwewa a lero, olira ngati chitseko. Ndiye mpira wachikopa uja, womangidwa chingwe pakamwa, unagubuduka n'kudzaima patsogolo pawo, n'kumasula chingwecho wokha.

"Kopolo Mkwaila," unatero mpirawo, "mwabwera kudzandimenyanso, kapena mwabwerera munthu?"

"Munthu wake uti?"

"Musadzipusitse, achikulire. Ine m'mimba ndi mphepo yokhayokha, koma ndimakumbukira."

Iwonso ankakumbukira. Chaka chimenecho timu yawo inakwapula aliyense, a kuboma, a kunjanji, a kuminda ya tiyi, n'kutsala ndi anyamata a kumishoni okha kuti itenge chikho. Pa golo pankaima Ndembo, mnzawo wofunda naye bulangeti limodzi. Dzuwa litapendeka, zigoli zili chimodzi kwa chimodzi, lipenga lotsitsira mbendera linalira kukampu. Lamulo linali loti lipengalo likalira msilikali aime njo, ngakhale akhale ali pakati pa kusamba. Anzake onse anaiwala, mitu itatentha ndi masewero. Ndembo yekha anagunditsa zidendene, manja m'mbali, ndipo mpira unadutsa pafupi ndi phazi lake pang'onopang'ono n'kulowa m'golo ngati nkhuku yolowa m'khola. A Mkwaila, amene anali mtsogoleri wa timu, anamulavulira kumapazi n'kumutcha Chitsa, dzina n'kumera. Sanamulankhulenso. Nkhondo itabwera Ndembo anakwera sitima ina, ndipo sanabwereko.

Mwadzidzidzi sajeni wawo wakale anatulukira atasanduka nkhukutembo, ndodo ataipana ndi phiko, khosi lili psu.

"Iwe! Wakupatsa ndani chilolezo chokalamba?"

"Pepani sajeni, ndikufuna njira ya ku golo."

"Kumanzere, kumanja, kumanzere! Ukasochera ubwere udzanene."

Ndiye a Mkwaila anayamba kuguba, koma bwalo linkatalika ngati mphira. Anadutsa kaputeni wachizungu ali kakowa, ataima ndi mwendo umodzi pamsana pa ng'ombe, akumwa tiyi ndi mlomo wautaliwo. Anadutsa woimbira mpira, mphunzitsi wa kumishoni, ali nyani, akutafuna wezulo ngati chisononkho. Anyamata a kumishoni ankathamanga nsapato zili m'khosi kuopa kuti zingathe, ndipo nsapatozo zinkaimba nyimbo za kwaya.

Mwadzidzidzi udzu unasanduka madzi, iwo n'kumaguba pamwamba pake, mbendera ili lende pakati pa mtengo wake.

"Zaka zonsezi ndikutsika, pansi osafika," inadandaula mbenderayo. "Funsani lipenga."

"Ine ndinangolira," linatero lipenga, likutsokomola dzimbiri. "Ndi ntchito yanga. Wamwano anali wina."

A Mkwaila anamva manyazi amene sanawamvepo ali maso. Anazolika mutu n'kupitirira, ndiye madzi aja anaphwa, n'kuona golo. Mizati yake yansungwi inali itaphuka masamba. Pakati pake panaima Ndembo, akadali mnyamata, zidendene pamodzi, manja m'mbali. Mpiru unali utamera pakati pa zala za kuphazi kwake, ndipo njiwa inaikira mazira paphewa.

"Ndembo, achimwene, ndine Jailosi."

Ndembo ali njo, maso patsogolo.

"Sangasunthe," unanong'ona mzati wakumanja. "Lipenga linamuimitsa, womumasula ndi kopolo wake. Inu munachoka pabwalo osapereka lamulo loti apume."

Apa Ndembo analankhulira kumbali kwa kamwa, monga achitira asilikali pa pelete kuti sajeni asaone.

"Kopolo, miyendo yatopa. Kodi ndinalakwa?"

"Sunalakwe, mbale wanga. Olakwa ndife khumi tinkathamangafe. Iwe wekha ndiwe unali msilikali."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinkafuna chikho. Kenako ndinkachita manyazi. Ndinkati ndidzanena mawa."

"Chabwino. Lamulani basi, ndikhaleko pansi."

A Mkwaila anakoka mpweya, chifuwa n'kudzaza. Mwadzidzidzi nkhukutembo ija inagwa pakati pawo, nthenga zili nyankhalala.

"Kopolo wopanda chipewa salamula! Chipewa chili kuti?"

Anagwira kumutu, dazi lokhalokha. Ndiye anafufuza m'matumba, n'kutulutsamo nsomba youma, mabatani, dzino lawo lomwe linaguluka chaka chatha. Chipewa anachiona chikukwawa ngati kamba cha pakati pa bwalo. Anachithamangira mawondo akulira, icho n'kumati, "Musandithamangitse, ndine wamkulu kuposa inu." Anachigwera, anachivala chokhota, anatembenuka. Golo linali patali tsopano, Ndembo akuoneka kachinthu kakang'ono, koma mawu a kopolo amafika patali. Anatsegula pakamwa.

Kwii, kwii, kwii.

Unali mjigo wa kuseri kwa nyumba, wosowa girizi. Kunja kunali kutayera, ndipo iwo anali tsonga pamphasa, dzanja lili pamutu.

"Pumula!" anakuwa ndi mphamvu zonse, mpaka nkhuku zinabalalika pakhonde.

"Ndikapumula ine, madzi atunga ndani?" anayankha akazi awo, Abiti Saizi, ali kumjigoko.

A Mkwaila anagonanso, n'kutsinzina mwamphamvu, n'kufunda kumutu, koma tulo tinali titapita ndithu. Ndembo anatsala komweko, ali chiimire.