Boti la Maziko a Konkire

Inu, sunthirani kuno, basi ikuchedwabe iyi. Ndikuuzeni za amake Kapitawo, mayi amene ankaopa madzi kuposa moto. Sankadziopera yekha ayi, ankaopera mwana. Kapitawoyo anali mwana wake woyamba, wongoyamba kumene kuyenda, ndipo dzinalo analitenga chifukwa akangoloza chala nyumba yonse inkathamanga. Pomusambitsa, mayi ake ankathira madzi olekeza m'kakolo, n'kuwayang'ana, n'kupungulako. Ndowa iliyonse pakhomopo inkagona chozondoka. Ngakhale mbale ya galu inali ndi chivundikiro, moti galuyo akamva ludzu ankachita kupempha.

Tsono mayi wotereyu anakwatiwa m'banja la amisiri a nyumba. Apongozi ake aamuna anali omanga, opuma pa ntchito koma manja osapuma. Mwamuna wake ankawotcherera mageti ndi zitsulo za m'mawindo. Mlamu wake ankakhoma madenga. Anthu atatuwa akayang'ana chinthu chilichonse, kaya khola, kaya ngolo, ankangoona nyumba yosatha kumanga.

Tsiku lina lole inaima pageti n'kutsitsa boti. Linali lachitsulo, la injini kumbuyo, ladzimbiri ngati achita kulifukula. Apongozi analipeza kuseri kwa nyumba ina kumene anapita kukaona mng'alu wa khoma, ndipo mwini wake atamva kuti pali munthu akulifuna, anavula jekete n'kuthandiza nawo kukweza.

"Bambo, chimenechi n'chiyani?" anafunsa amake Kapitawo, mwana ali kumsana.

"Boti, mayi. Tilikonza tokha, pabanja pano. Likatha tipita nalo kudamu, ndipo woyamba kukwera akhala mdzukulu wangayu. Malo ake ndi kutsogolo uku."

Mayi uja anafuna kukana pomwepo. Koma apongozi sungawakanire pamaso, ndiye anakokera mwamuna wake kukhitchini.

"Mwana wanga sakwera chimene chija."

"Kawauzeni nokha."

"Ndi bambo anu amenewo."

"N'chifukwa chake ndikuti kawauzeni nokha. Ine ndimawadziwa."

Apa mayi anaganiza mwakuya. Kukana sangakane, koma boti losatha kukonza silipita kudamu. Anatsimikiza kuti azilipezera zifukwa mpaka Kapitawo atamera ndevu.

Loweruka ntchito itayamba, anatulukira ndi tiyi pathireyi, mwaulemu wake wonse.

"Bambo, ine sindidziwa zinthu izi, koma pansipa sipangalowe madzi?"

Apongozi anati funso limenelo ndi la munthu woganiza. Analamula kuti athire madzi m'botimo aone potulukira. Madzi aja sanachedwemo n'komwe. Anatuluka paliponse ngati akusefa ufa, mpaka nsapato za mlamu zinadzaza. Amake Kapitawo anakwera pampando ndi mwana wake, mumtima akuvina.

"Kuwotcherera apa sikutheka," anatero mwamuna wake. "Ndikatseka bowo limodzi ndikuboola awiri."

"Iwe umadziwa mageti basi," anatero apongozi. "Nyumba ikamalowa madzi pansi timatani? Bweretsa wilibala."

Inu, anathira konkire. Anayala waya kaye, n'kuthira, n'kusalaza ndi chipande, n'kuyeza ndi levulo. Pamwamba anapaka polishi wofiira. Simunaonepo pansi pa boti powala chonchija, ntchentche inkaterereka.

Sabata yotsatira mayi anabweranso ndi tiyi.

"Zakongola, bambo. Koma mwanayu ndi wopupuluma. Sangagwere kunja?"

Mwamuna wake anamuyang'ana ndi diso lakuti ndakuona, koma apongozi anali atagwedeza kale mutu. Basi, makina owotcherera anatuluka. Anazunguliza boti lonse ndi zitsulo zotchingira akuba, zamaluwamaluwa, zija amaika m'nyumba za anthu olemera. Mayi anayeza mipata yake ndi mutu wa Kapitawo, n'kupeza kuti khutu likudutsa. Anawonjezera zina. Kenako anazindikira kuti palibe polowera, chifukwa mlamu anali mkati ndipo anadyera momwemo chakudya chamasana, akumupatsira pampata. Anadula mbali imodzi n'kuikapo geti, la loko wake ndithu.

"Nanga dzuwa, bambo? Paliwombo pa mwana sipanalimbe."

Mlamu anadumpha ndi chimwemwe, poti nthawi yonseyi ankangotumidwa misomali. Anaimika mapaipi, n'kukhoma denga la malata, lotsetsereka mbali ziwiri, ndi ngalande yake ya mvula. Anthu odutsa mumsewu anayamba kugogoda pageti kufunsa ngati kanyumbako n'kochititsa lendi.

"Tsopano pamwambapa pakulemera," anatero mayi sabata inayo. "Mphepo ikawomba silingagudubuzike?"

Apongozi anazungulira boti lija manja ali kumbuyo.

"Mayi akunena zoona. Denga lakula kuposa maziko. Nyumba yotere siikhalitsa. Wilibala."

Anathiranso konkire wina pamwamba pa woyamba, wokhuthala bwino, wa miyala ikuluikulu. Mwamuna wake anayesa kulankhula.

"Bambo, paja boti limafunika liziyandama."

"Sitima zapamadzi zimanyamula magalimoto, iwe ukudandaula ndi timatumba ta simenti? Sakaniza."

Chiyembekezo chomaliza cha mayi chinali injini. Inali itakhala zaka osalira, mkati mwake muli chisa cha mavu. Koma amuna atatu aja anaimasula yonse pamphasa, n'kutsuka chilichonse ndi petulo, n'kubwezera. Tizitsulo tina tinatsala m'mbale, apongozi n'kunena kuti timeneto akufakitale anangowonjezera. Anaimiza mchira wake mumgolo wa madzi, mlamu n'kukoka chingwe mpaka phewa linatupa. Mwadzidzidzi chinthu chija chinatsokomola, n'kulira. Utsi unadetsa zovala za aneba pachingwe, madzi a mumgolo anathovokera padenga, galu anasamuka. Kapitawo ankawomba m'manja.

Mayi anafufuza chifukwa china m'mutu mwake, osachipeza. Anatchula udzudzu, anamuikira neti. Anatchula njala, anamuikira shelefu. Atatchula za chimbudzi anaona apongozi akuyeza kumbuyo kwa boti ndi tepi, ndipo anabweza mawu msanga.

Tsiku lopita kudamu linafika. Lole imene inabweretsa boti lija inalephera kulinyamula, moti anaitana ina yonyamula njerwa, ndi amuna onse a mumsewu wawo. Kapitawo anamuveka jekete yoyandamitsa, pamwamba pake chubu cha njinga yamoto, m'manja zigubu ziwiri zopanda kanthu zomangirira ndi nsalu. Mwana ankaoneka ngati katundu wotumiza kutali.

Pagombe, mayi anagwada pang'ono.

"Bambo, muyambe mwaliyesa nokha akuluakulu. Mwana akwera ulendo wachiwiri."

Mumtima anali atakonza kale zoti boti likangosuntha, iye athawira kuchimanga cha munthu n'kukatulukira kumsewu.

Amuna anayala mapaipi pansi n'kuyamba kukankha, akuimba ngati akukoka chipika. Boti linatsetsereka, mphuno inalowa m'madzi, thupi lonse linatsatira, linapita chapatsogolo pang'ono mwaulemu, kenako linangoti khu. Linakhala pansi. Madzi kunja kwake ankalekeza m'mawondo.

Apongozi anavula nsapato, anapinda buluku, anayenda m'madzi mpaka pageti la boti, anatsegula loko n'kulowa. Anawerama n'kusisita pansi ndi dzanja.

"Pouma," analengeza. "Ngakhale dontho. Ndani ankanyoza konkire?"

"Koma bambo, silikuyandama," anatero mwamuna wa mayi uja.

"Silinazolowere. Liza injini."

Mlamu anakoka chingwe. Injini inalira mwamphamvu, n'kuyamba kulima. Matope anauluka kumbuyo n'kumata amuna onse okankha aja, mpaka woyendetsa lole anangotsala maso. Boti silinasunthe ngakhale pang'ono. Ng'ombe ina imene inkamwa madzi chapafupi inayenda m'madzimo, inadutsa boti lija, inasuzumira pazitsulo n'kupitirira. Apongozi anauza mlamu kuti awonjezere moto, asapitiriridwe ndi ng'ombe pamaso pa anthu.

Nthawi yonseyi amake Kapitawo anali chiimire pamtunda, phazi limodzi litaloza kuchimanga. Koma anayang'anitsitsa, ndipo phazi lija linabwerera. Anapatsira mwana woyendetsa lole, n'kumuuza kuti amugwire ndi manja awiri. Anakwinya chitenje, n'kulowa m'madzi, iye amene sankaponda ngakhale chithaphwi. Anakankha boti ndi dzanja. Anakankha ndi phewa. Analitsamira ndi msana n'kulimbikira mpaka misempha ya m'khosi inatuluka. Zinali ngati akukankha tchalitchi.

Anabwerera kumtunda, anatenga mwana wake, n'kukagogoda pageti.

"Odi, bambo. Wokwera woyamba wafika."

Apongozi misozi inalengeza. Anakhazika mdzukulu wawo kutsogolo kuja, mayi anakhoma loko n'kuika kiyi m'bulauzi. Anakhala momwemo masana onse, injini ikulira, malata akunjenjemera, Kapitawo akuloza chala kutsidya ndipo agogo ake akupinda chiwongolero kulunjika komweko. Anthu a pamtunda ankawabayibitsa, iwo n'kumabweza. Munthu wogulitsa nthochi anawapeza wapansi n'kuwagulitsa kudzera pampata wa zitsulo.

Petulo atatha, mwamuna wake anadzikanda m'mutu.

"Bambo, bwanji mawa tibwere ndi nyundo tigumuleko konkireyu pang'ono? Mwina lingadzuke."

Apongozi anayamba kugwedeza mutu ngati akuvomera. Amake Kapitawo anakhosomola mwaulemu.

"Bambo, ine sindidziwa zinthu izi. Koma injini ija itakuwa kwambiri, ndinamva ngati mbali yakumanzereyi yagwedezeka pang'ono. Sipakufunika kathumba kena?"

Apongozi anaponda mbali imeneyo, n'kumvetsera ndi phazi. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Wamva? Nonsenu pano, amene amadziwa za maboti ndi mkazi wakoyu. Mawa ubwere ndi wilibala."