Mbuzi Ziwiri za pa 6 Julaye

Mpaka lero ndikaona mbuzi itamangidwa pamtengo, ndimailambalala. Musaseke msanga, chifukwa nkhani yake inayamba ndi maliro.

Chaka chimene namondwe anagumula phiri kwathu kuno kwa Likoswe, opulumuka anawasamutsira pafupi ndi mudzi wathu. Ambiri mwa iwo anali Akhristu, pomwe eni malo ambiri ndi Asilamu (ine ndine Mkhristu wobadwira pakati pawo, choncho sindinganene kuti sindinkadziwa). Poyamba tinalira limodzi. Misozi itauma, inabuka mikangano ya pamjigo, ya nkhuni, ya malire a minda. Zinafika poti amayi ankatunga madzi osapatsana moni.

Kenako tinamva kuti bungwe lina la ku Blantyre likupereka ndalama kwa midzi yofuna kuyanjanitsa anthu pa tsiku la ufulu, pa 6 Julaye. Tinapempha, ndipo anatipatsa. Anati zikayenda bwino adzatikumbira mjigo wachiwiri. Tinakonza mapemphero a mbali zonse, mpira wa anyamata, pomaliza kudyera pamodzi. Ine anandiika ku zakudya (ndisaname, ndinachita kudzitchula ndekha).

Ndinakagula mbuzi ziwiri ku Mauwa. Poti Asilamu sadya nyama yosachinjidwa mwachisilamu, tinagwirizana kuti ochinja akhale a shehe, kuti aliyense adye ndi mtima umodzi. Tsikulo kunacha ndi chiperoni. Amayi anasonkha moto, madzi anawira, a shehe osaoneka. Kumeneko n'kuti ataitanidwa kwa mwana wodwala, koma ine sindinafunse. Ndinangomva pafoni kuti mayi wa ku bungwe lija, wodzaonerera mwambowo, wadutsa kale pa Nguludi, mbuzi zikadali pachingwe.

"Alamu, tidikira mpaka liti?" anatero a Fabiano, alongo ake a mkazi wanga, uku akunola mpeni pamwala. "Mbuzi ndi mbuzi. Ikalowa mumphika aifunse ndani?"

"Chitani changu," ndinatero, n'kuyang'ana kumbali, ngati kuyang'ana kumbali kumachotsa mlandu.

Nyama ili pamoto, a shehe anatulukira pa njinga, mpeni wawo ataukulunga m'kansalu koyera. Anayang'ana zikopa zili pansi, kenako anayang'ana ine.

"Achimwene, wachinja ndani?"

Ndinayamba ndatsokomola kaye. "Ndi... munthu wodziwa ndithu."

Mwina bodzalo likanayenda pang'ono, koma a Fabiano anafuula ali kumoto: "Ndine, a shehe! Kamodzi n'kamodzi, sizinalire n'komwe!"

A shehe sanakalipe. Kukanakhala bwino akanakalipa. Anangobweza mpeni m'thumba, n'kunena motsitsa mawu, "Chabwino. Ife tidya mpunga ndi nandolo."

Nthawi ya chakudya itakwana, Asilamu anakokera mikeka yawo kumbali. Anthu amene ndinatumidwa kuwayanjanitsa anakhala moyang'anizana, pakati pawo pali mpata woti ngolo n'kudutsa. Mayi wa ku bungwe anatsitsa foni imene ankajambulira. Ine ndili chilili, chipande m'manja, thukuta kamukamu pakati pa chiperoni.

Ndinayamba kugawira mayi Esitere, amene matope anawatengera mwamuna ndi ana awiri. Anaphimba mbale ndi dzanja.

"Musandiikire," anatero. "Amuna anga anawafukula m'matope ndi anyamata akumzikiti awo, ndi manjamanja. Ndiye lero ndidye nyama iwo akundiyang'ana?"

Ananyamuka ndi mbale yawo, kukakhala pakati pa amayi achisilamu, n'kupempha nandolo. Anatsatira wina, kenako wina. Chinkamveka ndi kukwekwereza mikeka basi. Mayi wina amene akuti anatukwanizana ndi mayi Esitere pamjigo anawagwira dzanja, onse awiri misozi ili mbwembwembwe. Nandolo anachepa moti ena anangonyowetsa mpunga ndi msuzi, koma panalibe wodandaula, kupatula a Fabiano.

Polawira, mayi wa ku bungwe anati za mjigo tisakayike. Kenako anandigwira chanza.

"Bambo, nzeru yoti nonse mudye ndiwo imodzi inali yanu?"

Ndinatsegula pakamwa, koma a shehe anali pambali panga. Ndinatseka. Anayankha ndi iwowo.

"Atithandiza kwambiri achimwenewa. Koma chaka chamawa tidzawaika ku mipando."

Nyama ija ndinaikweza pa njinga m'zidebe ziwiri kukapatsa odikirira odwala kuchipatala cha Nguludi, msuzi ukundidonthera pa buluku njira yonse, agalu atatu ali pambuyo ngati operekeza mkwati.

Ku mipandoko n'kumene ndili mpaka lero. Kudikira ndinaphunzira ndithu, koma komiti sikufuna kuyesa ngati ndinakhoza. Akuti mpando ndiye bwino, sufuna kuchinja.