Chiswamphika cha m'thumba la jekete

Mpaka lero ndikaona chiswamphika pakhoma ndimayang'ana kumbali, chifukwa kachilombo kameneka kanandilanda mkazi dzuwa likuswa mtengo.

Zinali zaka zija anthu ankakhamukira kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Ine ndinali mphunzitsi wachinyamata ku Makanjira, ndipo mtima wanga unagwa pa Patuma, mtsikana amene anawoloka malire ndi mayi ake. Mayiwo ankaumba miphika yogulitsa, banja lonse linkadyera pomwepo. Patuma anali atandilola kale. Chinatsala n'kukaonekera kwa amalume ake, Che Bwanali.

Ndinakwera lole mpaka ku Mangochi kukagula jekete pa kaunjika (mphunzitsi wathunthu sangakaonekere atavala malaya okha ngati wogulitsa usipa). Pobwerera ndinapisa dzanja m'thumba lam'kati n'kupezamo chidole chapulasitiki: thupi la msilikali, mutu wa chiswamphika, maso otuzuka, lupanga m'manja. Kaya ndi mwana wa mzungu uti anachiiwala m'menemo. Munthu wanzeru akanachiponya m'nyanja. Ine ndinati chinthu chakunja sichitayidwa, ndinachibwezera m'thumba, basi n'kuchiiwala.

Tsiku lokaonekera kunatentha koopsa, koma jekete sindinavule. Anandikhazika pamphasa pakhonde, kumbuyo kwanga atandandalika miphika yaiwisi yodikira kuwotcha. Che Bwanali ankandifunsa za kwathu, ine ndikuyankha mwaulemu wonse, thukuta lili kamukamu. Ndinasolola kansalu kopukutira kumaso. Msilikali uja anatuluka nako pamodzi n'kugwera pakati pa mphasa, lupanga litaloza Che Bwanali.



"Aphunzitsi," anatero Che Bwanali mofatsa, "mlendo mwabwera nayeyu simunatiuze dzina lake."

Mayi a Patuma atasuzumira anagwira kumutu. "Chiswamphika! Pakhomo pa woumba? Mwandipha ine!" (Paja amati wogwira chiswamphika amaswa miphika. Ineyo m'kalasi ndinkauza ana kuti zimenezo n'zachikale.)

"Si chithumwa ayi, bambo," ndinatero. "N'chidole chabe, choseweretsa ana."

"Ana muli nawo?"

"Ayi, bambo."

"Nanga amaseweretsa ndani?"

Apa mpamene ndikanangokhala chete. Koma uphunzitsi ndi matenda. Ndinachitola kuti ndiwafotokozere bwinobwino kuti chilibe moyo, ndikuchitembenuza uku ndi uku pafupi ndi nkhope yanga. Chala chinakanikiza kabatani kumsana kamene sindinkakadziwa. Mapiko anatambasuka mwadzidzidzi, phwa! pamphuno panga penipeni. Ndinakuwa "Mayo!" ndi mawu a mwana wamng'ono, n'kulumphira chambuyo, n'kukhala pa miphika. Pofuna kudzuka ndinatsamira ina. Mzere wonse unasanduka mapale.

Patuma anathawira kuseri kwa nyumba, ndipo ndinkamumva akuseka mpaka kutsamwa. Mayi ake sanaseke. Anatola phale limodzi, analiyang'ana, n'kunena kuti, "Kwathu tinathawa amuna onyamula zida. Inu mwatibweretsera wina m'thumba."

Manyazi amene ndinamva sindidzawaiwala. Ndinapepesa, ndinagwada, mawa lake ndinapita kudambo kukawakumbira dothi lina, koma Che Bwanali anangotumiza mawu oti aganize kaye. Akuganizabe mpaka pano.

Patapita miyezi ndinakumana ndi Patuma pamsika, ali kale pa chibwenzi ndi msodzi wina wa ku Monkey Bay. Ndinamufunsa ngati mlandu wonse unalidi wa miphika.

"Miphika imaumbidwanso, aphunzitsi," anatero akubisa kuseka ndi chitenje. "Mukanangovomera kuti n'chithumwa, amalume akanakuopani n'kukupatsani mkazi. Mwamuna wa mankhwala timakwatiwa naye. Koma wa chidole?"

Ndiye ine, amene tsiku limenelo ndinanena zoona zokhazokha, ndinabwerera kunyumba ndili mbeta. Ana ndimawaphunzitsabe kuti bodza n'loipa, koma ndikafika pamutu umenewo mawu amanditsika pang'ono.