Gwirani makapu, a Douwe akuyatsa

M'mudzi mwathu muno mukafunsa za a Douwe Hoekstra, munthu sayamba n'kukuuzani za ndevu zawo kapena za njinga yawo yopanda mabuleki ija. Amayamba wakweza chala m'mwamba n'kunena kuti, "Gwirani makapu." A Douwe anali ndi ampulifaya yakalekale yokuzira mawu mu holo ya mudzi, chibokosi cholemera ngati mwana wa ng'ombe, chasiliva kumaso, chamatabwa m'mbali. Akachiyatsa chinkayamba chagunda kuti gu! m'masipika chisanatulutse mawu ena alionse. Sikuti kanali kagu kamasewera ayi. Mawindo a holo ankanjenjemera, masipuni ankalira m'mbale, abakha a m'ngalande ya kuseri n'kuuluka ngati wina wawaombera mfuti.

Ine ndine Hiltje. Ndaphika khofi mu holo ya mudzi uno zaka makumi atatu ndi mphambu, choncho za gu ameneyo asandiuze munthu. Makapu amene ankasweka chifukwa cha iye ndinkasesa ndine.

A Douwe ndiwo ankayang'anira holoyo, ndipo ankakhala pamwamba pake pomwepo ndi akazi awo, mayi Aukje. Mayiwa anagontha makutu ndi matenda ali ndi zaka makumi anayi. Kuyankhula ankayankhula bwinobwino, mokweza ngati akuitana ng'ombe kudambo, koma kuti iwo akumveni mumayenera kuwayang'ana kumaso awerenge milomo yanu.

Kaya ndi ukwati, kaya maliro, kaya masewera a bingo a Lachisanu, kaya msonkhano wa alimi a mkaka, mwambo unali umodzi. A Douwe ankadikira anthu akhale pansi, ine nditsanulire aliyense khofi, kenako ankapita pakona pamene panali makina awo, n'kukweza chala ngati mphunzitsi. "Gwirani makapu," ankatero. Tonse tinkagwira. Gu! Akatero ankagwedeza mutu mokhutira ngati munthu amene mwana wake wapereka moni wabwino kwa alendo.

Eni mudzi tinazolowera, vuto linali alendo. M'busa wathu atangofika kumene kuchokera ku Utrecht, mnyamata wosalala wa kolala yoyera, anamva chenjezolo n'kuyesa nthabwala za kumudzi. Anamwetulira mwaulemu, kapu ili pamlomo. Gu atagunda, khofi yense anathera pa kolala ija, ndipo mawu amene anatuluka m'kamwa mwa mtumiki wa Mulunguyo sindingawalembe pano. A Douwe anangomupatsa kansalu kopukutira n'kumuuza kuti asadandaule, wabatizidwa tsopano, ndi wathu. Paukwati wa mwana wa ophika buledi, malume a mkwati anameza chitumbuwa chosatafuna mpaka tinachita kuwamenya pamsana. Galu wa bambo ogawa makalata anafika pomati akangoona chala cha a Douwe m'mwamba, yekha ankatuluka panja.

Chimene chinkandipweteka mutu n'chakuti a Douwe anali katswiri wokonza zinthu zomwezi. Anthu ankachokera ku Groningen, ena mpaka ku Jeremani, atanyamula maampulifaya a makolo awo m'mabulangete ngati odwala, dandaulo lili lomweli la kugunda poyatsa. A Douwe ankatsegula, kununkhiza, kung'ung'udza, n'kuikamo kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi, kamene kamachedwetsa masipika pang'ono mpaka magetsi atakhazikika m'kati. Basi, gu watha. Tizipangizo timeneti tinali todzaza dirowa yathunthu.

Tsiku lina ndinawafunsa, tsache lili m'manja. "A Douwe, mwachiritsa chigawo chathu chonse cha Friesland, nanga wodwala wa m'nyumba mwanu?"

"Ameneyu sakudwala, chemwali. Amati odi. Munthu woleredwa bwino salowa m'nyumba mwa eni ngati mphaka."

"Odi wanuyo akundiswera makapu."

"Nanga chala ndimakwezera chiyani?"

Ndipo sikuti ankayatsa pa zochitika pokha. M'mawa uliwonse seveni koloko, kaya kuli chipale chofewa kaya kuli mphepo yogwetsa njinga, ankatsika masitepe n'kuyatsa makinawo mu holo yopanda munthu, amvekere ayenera kutenthedwa ngati mafupa a nkhalamba. Masiku amene ndinkalawirira ndinkamva gu, kenako kudenga kunkamveka go, go. Ndinkati ndi mapaipi a madzi otentha.

Kenako kunabwera a Harm Veenstra. Anapuma pa ntchito ya zamagetsi mumzinda n'kugula nyumba ya pafupi ndi mlatho, ndipo chaka chisanathe anali wapampando wa komiti ya holo. Amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma ka a Veenstra kankafuna kumeta aliyense. Sanali munthu woipa, ndinene chilungamo. Anali munthu wolondola, ndipo anthu olondola amatopetsa kuposa oipa. Anafotokozera komiti, ndi zojambula zomwe, kuti gu ameneyo tsiku lina adzang'amba masipika, kapena adzaimitsa mtima wa nkhalamba ina. Anati a Douwe asankhe: akonze, apo ayi holo igula makina atsopano ndipo chibokosicho chituluke.

A Douwe anayankha kuti chikatuluka iwonso atuluka nacho. Apa m'pamene nthabwala inatha, chifukwa nyumba ya pamwamba ija inali ya woyang'anira holo. Akasiya ntchito, ndiye kuti iwo ndi mayi Aukje asamuke, anthu a zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu.

Nkhani inapita ku msonkhano wa pachaka. Holo inadzaza, khofi ndinatsanulira, a Veenstra anayankhula theka la ola, ndipo kunena zoona anthu ambiri ankagwedezera mitu. Pakati pa zoyankhulazo a Douwe anazimitsa makina mwakachetechete, a Veenstra osazindikira poti mawu awo ngokwanira okha. Atafika pomaliza anati, "Onse ofuna kuti ampulifaya ikonzedwe akweze manja."

"Pepani apampando, kumbuyoku sakumva," anatero a Douwe ali pakona pawo, chala chili kale m'mwamba. "Gwirani makapu."

Manja onse a m'holomo anathamangira ku makapu. Gu! Mlembi wathu, mayi wosadziwa kuseka, anayang'ana uku ndi uku n'kulemba kuti palibe dzanja lomwe linakwezedwa. A Veenstra anafuna kuti tivoterenso, koma kuno zolembedwa zalembedwa, nkhani imadikira chaka chamawa. Chaka chotsatira a Douwe anabwera ndi nzeru ina, chinacho inanso. Zinatero zaka zinayi. Amuna awiriwa ankakangana pamsonkhano, Loweruka n'kumasewera limodzi mabiliyadi ngati palibe kanthu.

Ine sindinkaseka nawo kwambiri. Ndinkaona kuti tsiku lina nzeru zidzawathera a Douwe, adzataya nyumba chifukwa cha liuma la ziii. M'mawa wina wa mu Januwale ndinalawirira dala kuti ndikawalankhule mosapsatira. Ndinawapeza ataima pakona paja, chipewa chili m'manja. Anayatsa. Gu. Kenako anakweza maso kudenga n'kudikira. Kudenga kunali chete. Anadikirabe pang'ono, nkhope ikusintha, kenako munthu wa bondo lovuta uja anakwera masitepe awiriawiri ngati wothawa moto.

Patapita kanthawi anatsika akupuma mwawefuwefu. Anati mayi anali kubafa, mapazi ali pa matailosi, n'chifukwa chake sanamve. Atatero anazindikira kuti adziulula, ndipo anakhala pampando n'kundiuza zonse.

"Mawu anga anasiya kuwamva kalekale, chemwali. Ndikati wadzuka bwanji ndili kumbuyo kwake, ndimangouza khoma. Koma gu uyu amamumva m'thupi. Amakwera m'matabwa mpaka m'miyendo ya bedi. Ndiye amadziwa kuti ndatsika bwino, ndili moyo, ndipo amandiyankha ndi chidendene."

Mapaipi anga aja anali amenewo. Ndinachita manyazi, ndipo ndinakwiya nawonso. Ndinawafunsa chifukwa chake sankangouza komiti, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Kuti Veenstra andimvere chisoni? Bola mkangano. Ndipo Aukje si nkhani yoti ilembedwe m'mabuku a komiti. Mukauza munthu, khofi wanu sindidzamwanso."

Ndinalonjeza, ndipo ndinasunga zaka zitatu. Kwa munthu wa pakamwa ngati panga imeneyo inali ntchito.

A Douwe anamwalira mu Malichi, masana, atakhala pa benchi yawo yogwirira ntchito, wailesi ya munthu wina ili yotsegula patsogolo pawo. Titaika maliro tonse tinabwerera ku holo kukamwa khofi ndi keke monga timachitira. Anthu anali oposa mazana awiri, ena ataima m'khonde. Chimene sindinkadziwa n'chakuti dzulo lake masana a Veenstra analowa ndi kiyi wawo wa upampando, n'kupukuta makina aja mpaka kuwala, n'kutenga kachipangizo kamodzi m'dirowa ya a Douwe omwe n'kuikamo. Analibe mtima woipa. Ankafuna kuti mnzawoyo aperekezedwe mwaulemu, popanda wolira kudzidzimuka.

Mayi Aukje anandipempha kuti ndiyatse ndine. Anadzuka pampando wa kutsogolo, anayenda ndi ndodo yawo mpaka pa sipika yaikulu ya kumanzere, n'kuika chikhatho pa thabwa lake. Masiku asanu anali atadutsa m'mawa uli chete.

Ndinakweza chala. "Gwirani makapu," ndinatero. Holo yonse inagwira, m'busa uja ndi manja awiri. Ndinadina.

Kagetsi kobiriwira kanayaka. Panadutsa kamphindi, m'kati mwa bokosi munamveka kuti ke, ngati wina wathyola kamtengo ka machesi. Basi. Anthu anakhalabe chigwirire makapu, akuyang'anana.

"Wayatsa, Hiltje?" anafunsa mayi Aukje ndi mawu awo aja omveka mpaka kumlatho. Dzanja linali pa thabwa pomwepo.

A Veenstra anandinong'oneza monyadira pang'ono kuti anakonza ndi iwo, mphatso yawo yomaliza kwa malemu. Pamenepo lonjezo langa linathera pompo. A Douwe andikhululukire, khofi wanga anali atasiya kale kumwa. Ndinawakokera a Veenstra kukhitchini n'kuwauza za seveni koloko, za miyendo ya bedi, za chidendene. Munthu uja ndinamuona akuyera ngati mkaka.

"Zaka zonsezi," anatero. "Nkhalamba yamakani ija, bwanji osandiuza?"

"Ankati mungawamvere chisoni."

"Ndikanawamveradi."

"Ndiye ankakudziwani bwino."

A Veenstra anabwerera nane mu holo. Anavula jekete lakuda n'kundipatsa, anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa sikuludiraiva, poti anthu a mtundu wawo amapita nayo ngakhale kumaliro. Anagwada pakona paja pamaso pa mudzi wonse, anazula pulagi, n'kuyamba kumasula ntchito yawo yomwe. Zinatenga mphindi khumi. Palibe anamwa, palibe anadya, khofi anazizira m'makapu, chinthu chimene m'mudzi muno n'chachikulu kuposa kutukwana. Mayi Aukje sanachotse dzanja.

Atatseka bokosilo a Veenstra anandiyang'ana kuti ndiyatse. Ndinakana ndi mutu. Ndiye anaimirira okha, wapampando wa komiti, mawondo a buluku ali fumbi, n'kukweza chala.

"Gwirani makapu," anatero.

Gu! Mawindo ananjenjemera. Kuseri abakha anauluka. Kumbuyo kapu ya wina inagwa n'kusweka, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinadandaule. Mayi Aukje anatsinzina, anamwetulira pang'ono, kenako anamenya chidendene pa matabwa a pansi. Go, go.

Holo yonse inamva, ngakhale ambiri sanadziwe chimene amva. Ine ndinathawira kukhitchini kukaphika khofi wina.

Komiti inagwirizana kuti mayi Aukje akhalebe m'nyumba ya pamwamba mpaka pomwe angafunire, ndipo nthawi imeneyi manja anakwezedwa onse. A Veenstra anapita okha kukawauza, atakonzeka bwino, akutsegula milomo kwambiri kuti awerengeke. Anawonjezera kuti iwo ali okonzeka kumabwera pa njinga m'mawa uliwonse seveni koloko kudzayatsa.

"Zikomo, a Veenstra," anatero mayiwo. "Koma ine sindiyankha amuna a eni."

Makina aja alipobe pakona pawo. Pa bingo ndi pa maukwati amayatsa a Veenstra, ndipo amene angatchule zokonza ayambe wakumana ndi iwo. Gu ndi yemwe uja, koma chala chawo chimafulumira, sadikira kuti ndimalize kutsanulira. M'mawa ndiye m'movuta. Ndikalawirira ndimapeza holo ili zii, mipando ili m'mizere, kagetsi kobiriwira kali kozima. Ndimamva mayi Aukje akuyenda pang'onopang'ono pamwamba, kuchoka kubedi kupita kuwindo. Ndimawasowa a Douwe, ndinene poyera, munthu amene ndinakangana naye zaka makumi atatu chifukwa cha makapu. Wotchi ya kutchalitchi ikamati seveni ndimapezeka ndagwira kapu yanga ndi manja awiri, kenako ndimaiika pansi n'kuyamba kutsuka.